Teremu yayamba, nanga mwana amusiya ndi ndani?

Asisi, Ogasiti akamapita kumapeto, kuno kwathu timadziwa kuti chatsala ndi fumbi ndi dzuwa la chilimwe. Ku Amereka zimatembenuka. Kutentha kumakhala kukutha, masamba a mitengo atsala pang'ono kufiira kuti ayoyoke, nyengo yomwe eni ake amaitcha fall. Ndi nthawi yomwe chaka cha sukulu chimatsegulidwa, ndipo pa Facebook ndi TikTok pamadzaza zithunzi za ana a zaka 18 akukoka masutikesi kulowa m'mahositelo a mayunivesite otchuka, mayi awo akupukuta misozi pafupi ndi galimoto. Zithunzizo n'zokongola, sitikukana. Koma pali sukulu ina yomwe imatsegulidwanso masabata omwewo, nthawi zambiri yopanda hositelo, yopanda timu ya mpira yoonetsedwa pa TV, ndipo ndi imeneyo yomwe ife tikufuna tiiyang'anitsitse. Dzina lake ndi community college.

Ndi koleji ya boma ya m'dera, ya zaka 2. Makoleji oterewa alipo pafupifupi 1,000 m'dziko lonselo, ndipo yakale kwambiri mwa omwe akugwirabe ntchito ndi Joliet Junior College ya ku Illinois, yomwe inayamba mu 1901. Chachikulu ndi chakuti khomo lake n'lotsegula. Ukangokhala ndi satifiketi ya sekondale kapena pepala lofanana nayo, walowa basi. Palibe zokhala mtima uli m'mwamba kudikira mndandanda wa osankhidwa ngati momwe timachitira kuno zotsatira za MSCE zikatuluka. Fizi ya munthu wokhala m'dera lomwelo imakhala madola pafupifupi 4,000 pachaka, yomwe kwa ife ndi phiri la ndalama, koma kumeneko ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi yunivesite. Amaphunzitsa unamwino, kuwotcherera zitsulo, zamagetsi, zamakompyuta, zowerengera ndalama, ndipo wofuna digiri yonse amatha kusamukira ku yunivesite kukamaliza zaka 2 zotsalazo. Eileen Collins, mayi woyamba kuyendetsa chombo cha space shuttle mu 1995 n'kudzatsogolera ulendo wonse mu 1999, anayambira pa Corning Community College. Jill Biden anaphunzitsa Chingerezi pa Northern Virginia Community College kuyambira 2009 mpaka 2024, ali mkazi wa wachiwiri kwa pulezidenti komanso ali mayi wa fuko. Ndiye musaipeputse ayi.

Nkhaniyi si yakutali monga ikumvekera. Amene muli ndi achibale ku Amereka mukudziwa kuti dzina la South Bend, ku Indiana, silisowa pakamwa pa Amalawi. Mzinda umenewo uli ndi Amalawi ambiri, ndipo muli nthambi ya Ivy Tech, koleji ya mtunduwu yomwe ili ndi nthambi m'chigawo chonse cha Indiana. Inayamba mu 1963 ngati sukulu ya ntchito zamanja. Masiku ano maphunziro ake ambiri amawadula m'zigawo za masabata 8 m'malo mokoka phunziro limodzi miyezi inayi, kuti munthu wogwira ntchito athe kutenga pang'onopang'ono. Choncho teremu ya fall ikamayamba, pakati pa omwe akufunafuna nambala ya kalasi pamakhala akazi olankhula Chichewa ndi Chitumbuka ngati ife tomwe.

Tsono ngati mukufuna kudziwa kuti sukulu imaganiza kuti wophunzira wake ndi ndani, musamvere zolankhula za akuluakulu pa tsiku lotsegulira. Werengani zidziwitso zomwe zamatidwa pakhoma ndi zomwe zikutumizidwa pa foni sabata yoyamba. Pa makoleji awa mumapezamo zachizolowezi: tsiku lomaliza kulembetsa, tsiku lomaliza kusiya phunziro osataya ndalama, magulu a ophunzira akuitana mamembala atsopano, chakudya chaulere pabwalo polandira obwera kumene. Koma pakati pa zimenezi pamakhalanso zina zomwe zimatiuza zambiri. Kachipinda kogawirako chakudya kwa ophunzira omwe kunyumba kulibe kanthu katsegulidwa masiku akutiakuti. Makhadi okwerera basi akuperekedwa ku ofesi yakuti. Makalasi a madzulo ndi a Loweruka akadali ndi malo. Malaputopu obwereketsa alipo ku laibulale. Zidziwitso zotere zikuvomereza kuti wophunzirayo ndi munthu wamkulu, ali ndi lendi, ali ndi shifiti, ndipo mwina sanadye. Chidziwitso chomwe ife timachifunafuna koyamba ndi chimodzi: kodi pali malo osiyako mwana? Ndipo pamakoleji ochuluka chidziwitso chimenecho palibe.

Tiyeni tione ziwerengero, poti zimalankhula mosapsatira. Mwa ophunzira 10 aliwonse a m'makoleji awa, pafupifupi 6 ndi akazi. Bungwe la Institute for Women's Policy Research linapeza kuti mwa onse ophunzira digiri yoyamba kapena satifiketi ku Amereka, woposa mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi mwana. Panthawiyo anali anthu 3.8 miliyoni, ndipo 7 mwa 10 aliwonse anali amayi. Gulu lalikulu kwambiri la makolowa lili m'ma community college. Ndiye kuti mayi wa mwana si mlendo pa sukulu imeneyi, si vuto lapadera loti aphunzitsi azilipirira. Ndi mmodzi mwa eni sukulu. Koma pomwe makolo ophunzira anali kuchuluka, malo osungirako ana pasukulu anali kuchepa. Cha m'ma 2004 makoleji opitirira theka, 53 pa 100 aliwonse, anali ndi malo otere. Pofika 2015 anali atatsika kufika 44. Ngakhale pomwe malo alipo, mndandanda wa odikira umakhala wautali, ndipo amatseka madzulo pomwe kalasi ya wogwira ntchito masana ikuyamba.

Zotsatira zake n'zosadabwitsa. Mwa amayi olera okha ana omwe analowa koleji, ochepera mmodzi mwa atatu ndi omwe anatuluka ndi pepala pakutha pa zaka 6. Enawo anatsala ndi ngongole, ndi mabuku, ndi manyazi omwe si awo. Anthu amafulumira kunena kuti mutu sunagwire, kapena kuti analibe khama. Khama lanji lomwe lingamuthandize munthu woti wolera mwana wamuimbira foni 5 koloko kuti lero sindibwera, mayeso ali 6 koloko? Ku Monroe Community College, mumzinda wa Rochester ku New York, anatsata ophunzira omwe ali ndi ana aang'ono kwa zaka zingapo. Omwe ana awo ankasungidwa pamalo a pasukulu pomwepo ankamaliza pa nthawi yake kuposa katatu poyerekeza ndi anzawo omwe analibe mwayi umenewo. Mitu yake ndi yomweyo, aphunzitsi ndi omwewo. Chinasiyana ndi chakuti wina ankadziwa komwe mwana ali.

Malamulo alipo, ndipo ndi abwino papepala. Lamulo lotchedwa Title IX, la mu 1972, limaletsa tsankho la pakati pa amuna ndi akazi pa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma. Pansi pa lamulo limeneli, wophunzira woyembekezera sangachotsedwe, ndipo masiku omwe wajomba chifukwa cha pathupi kapena kuchira ayenera kukhululukidwa malinga ndi momwe dokotala wanenera, n'kubwerera pamalo pomwe anasiyira. Mu 2024 boma linawonjezera ndondomeko zina, mwa izo yoti sukulu ipereke chipinda chaukhondo choyamwitsira kapena kufinyira mkaka, chosakhala chimbudzi. Mu Januwale 2025 khoti linathetsa ndondomeko zonse za 2024 zija pa mkangano wa nkhani zina, ndipo mfundo ya chipinda ija inapita nawo limodzi. Palinso thumba la boma lotchedwa CCAMPIS, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 kuti lizithandiza makoleji kulipirira kusunga ana a ophunzira osauka. M'zaka zaposachedwa lakhala likulandira madola pafupifupi 75 miliyoni pachaka. Gawani ndalama imeneyo kwa makolo mamiliyoni aja muone ngati ingagule ngakhale matewera a mwezi umodzi. Amereka si kumwamba, asisi. Mayi wosauka amavutika kumeneko ngati kuno, kungoti amavutikira m'chipale chofewa.

Chitsanzo cha Tennessee chimatisangalatsa chifukwa chikuonetsa momwe cholinga chabwino chimaiwalira mayi. Mu 2014 chigawo chimenecho chinakhazikitsa Tennessee Promise, ndondomeko yoti community college ikhale yopanda fizi, ndipo oyamba kupindula analowa mu fall ya 2015. Dziko lonse linaomba m'manja. Koma kuti upindule unayenera kukhala wongomaliza kumene sekondale, n'kulowa nthawi yomweyo, n'kumaphunzira maola onse. Mtsikana yemwe anatenga pathupi ali ndi zaka 17, n'kukhala pakhomo zaka zisanu, n'kudzafuna kubwerera ali ndi zaka 23, anali kunja kwa mpanda. Zinatengera mpaka 2018 kuti ayambe Tennessee Reconnect yopereka mwayi womwewo kwa akuluakulu m'makoleji awa. Kuchotsa fizi n'kwabwino, koma funso limakhala lakuti pojambula ndondomekoyo anali ndi chithunzi cha ndani m'mutu.

Kwa inu amene mukulota zopita kumeneko pa viza ya ophunzira, pang'ono pokha tikuuzeni. Fizi ya madola 4,000 ija si yanu. Wochokera kunja amalipira mtengo wokwera, nthawi zambiri kuwirikiza kawiri kapena kupitirira. Thandizo la boma la Pell Grant, lomwe limafika madola 7,395 pachaka kwa wosauka kwambiri, silifika kwa wa viza ya F-1. Viza imeneyo imafuna kuti uziphunzira maola onse, ndipo ntchito yololedwa poyamba ndi ya pasukulu pokha, yosapitirira maola 20 pa sabata teremu ili mkati. Ndipo kumeneko kulibe agogo, kulibe azakhali a khomo loyandikana, kulibe mwana wa aneba woti angokugwirirako khanda uthamangire ku kalasi. Aliyense wogwira mwana wako amafuna ndalama pa ola. N'chifukwa chake si zachilendo kumva kuti mayi ali ku Indiana, mwana ali ku Area 25 kapena ku Chilomoni, akukula pa vidiyo ya WhatsApp. Ife sitiweruza mayi ameneyo. Tikungoti muzidziwa mtengo wonse musanakwere ndege pa KIA.

Nanga tikuvutikiranji ndi nkhani ya anthu a kutsidya kwa nyanja? Chifukwa nafenso tili ndi makoleji a m'madera. Mu 2015 boma linakhazikitsa ma community technical college, ndipo mwambo wotsegulira unachitikira ku Ngara m'boma la Karonga. Ganizo lake ndi lofanana ndi lija: wachinyamata yemwe yunivesite yamutsekera khomo aphunzire ntchito pafupi ndi kwawo, ukalipentala, zomangamanga, kuwotcherera, kusoka, zamagetsi, motsatira ndondomeko za TEVETA, bungwe lomwe lakhalapo kuyambira 1999. Ganizoli n'labwino ndipo ife timalikonda. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi omwe amakhoza MSCE chaka chilichonse, ndiye kwa atsikana ambiri koleji yotereyi ndiyo njira yeniyeni yopezera luso lodyera. Koma ngati dziko lolemera ngati Amereka, lomwe lakhala ndi makoleji awa zaka zoposa 120, likulepherabe pa nkhani ya mwana, ife tisaganize kuti kwathu zidzakonzeka zokha.

Ndipo kwathu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kumeneko, poti atsikana athu amabereka msanga. Mwa atsikana a zaka 15 mpaka 19, pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse amakhala atabereka kale kapena ali ndi pathupi. Ndiye mukatsegula koleji ya ntchito zamanja pa boma lililonse n'kuitana akazi a zaka 20 kapena 24, mukuitana amayi, mufune musafune. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati boma lichitepo kanthu kuti m'sukulu za ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse ndipo asapitirire 60. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akachira inayamba kale mu 1993. Zonsezi zimakamba za kulowa. Pa tsiku lotsegulira amawerenga mitu, amajambula atsikana atavala ovololo ndi chisoti, nduna imalankhula, nyuzipepala imalemba. Ife chiwerengero chomwe tikuchifuna ndi cha tsiku lolandira mapepala. Analowa angati, atuluka angati, ndipo omwe anasowa pakati anasowera chiyani?

Ena adzati kuno vuto limeneli kulibe, poti tili ndi achibale. Zoona, tili nawo, ndipo ndi chuma chomwe anzathu a ku South Bend amachisowa usiku ndi usana. Koma tiyeni tinene chilungamo, achibale amenewa ndi ndani? Ndi agogo aakazi omwe msana unatha kale, omwe nawo ali ndi dimba ndi geni yawo. Kapena ndi kamtsikana ka zaka 13 kotengedwa kumudzi ndi lonjezo loti kadzaphunzira m'tauni, kenako n'kumakhala pakhomo ndi mwana kumbuyo pomwe anzake ali mu Sitandade 7. M'matauni mwathu muno muli mapepala ambiri a akazi omwe analipiridwa ndi sukulu ya mtsikana wina. Koleji ikakana kuganizira za mwana, katunduyo sasowa ayi, amangotsetserekera kwa mkazi wina wosauka kuposa woyambayo. Nanga bambo a mwanayo? Mwamuna yemwe ali ndi mwana akalowa koleji palibe amamufunsa kuti mwana wamusiya ndi ndani. Amamuyamikira kuti akuganizira banja.

Tikudziwanso chomwe ena anene, poti takhala tikuchimva: mukayika malo a ana pasukulu mukulimbikitsa mimba. Aaa, koma zoona? Pali mtsikana amene anatengapo pathupi chifukwa anamva kuti kukoleji kuli mkeka ndi zidole? Ana tikunenawa anabadwa kale, akuyenda, akufuna phala. Kusawaona sikuwabwezera m'mimba. Mawu amenewa amabisa maganizo ena omwe anthu safuna kuwatchula, oti mayi wobereka asanakwatiwe ayenera kulangidwa, ndipo chilango chake chikhale umphawi. Ife timakana. Mayi yemwe ali ndi luso la zamagetsi m'manja amalipira fizi ya mwana wake, sapirira nkhonya chifukwa cha ndalama ya ndiwo, ndipo akafuna kuchoka pa banja lankhanza amakhala ndi poyambira.

Funso la ndalama ndilo lolemera, ndipo sitilizemba. Makoleji athu ambiri akulimbana ndi zipangizo, magetsi, aphunzitsi ochepa. Mphunzitsi wamkulu yemwe alibe ndodo zowotcherera akamva za malo osungira ana akhoza kuseka. Koma taonani zomwe zija za ku Amereka zikutiphunzitsa: zina mwa zomwe zimasunga mayi pasukulu si nyumba zatsopano. Ivy Tech sinamange kanthu kuti idule maphunziro kukhala a masabata 8, inangosintha kalendala. Kulemba poyera kuti wophunzira woyembekezera sachotsedwa, ndipo akachira adzabwerera pomwe anasiyira osalipiranso, kumafuna pepala ndi siginecha. Kuika kalasi ina masana kapena Loweruka kumafuna kukambirana ndi aphunzitsi. Kuwonjezera funso limodzi pa fomu yolembetsera, loti kodi muli ndi mwana wosakwana zaka 5, kumafuna inki. Funso limenelo lifunsidwe kwa amuna ndi akazi omwe, ndipo lisakhale chida chosankhira anthu. Likhale loti koleji idziwe anthu ake, chifukwa ngakhale ku Amereka makoleji ambiri sadziwa n'komwe kuti ali ndi makolo angati.

Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe ife tili nacho kale. M'midzi ndi m'makwalala mwathu muli sukulu za mkombaphala zambirimbiri, zoyendetsedwa ndi anthu a m'dera, alezi ake ambiri ndi amayi ongodzipereka. Koleji ya m'dera ndi mkombaphala ya m'dera zili pansi pa mfumu imodzi, khansala mmodzi, nthawi zina mpanda ndi mpanda, koma sizilankhulana. Mkombaphala zambiri zimaweruka dzuwa lisanafike pamutu, pomwe ku koleji ntchito ya m'shedi imapitirira mpaka masana ndithu. Maola apakatiwo ndi omwe amagwetsa mayi. Atakhala pansi akuluakulu a koleji, komiti ya mkombaphala ndi ophunzira omwe ali ndi ana, n'kugwirizana kuti alezi awiri azitsala mpaka 4 koloko ndipo azilipidwa, chifukwa ntchito yolera si yaulere, mtengo wake sungafike pa mtengo wa mwambo umodzi wotsegulira wokhala ndi matenti ndi ma alawansi. Ophunzira ukalipentala akhoza kukhoma timipando ndi timabedi ngati gawo la mayeso awo. A zomangamanga akhoza kumanga chimbudzi cha ana. A zosoka, makatani ndi matilesi.

Ndiye amene mukupita kukatenga mafomu chaka chino, kaya ndi ku koleji ya boma, ya mpingo kapena ya munthu, mukafunse za fizi ndi za hositelo monga mwa nthawi zonse. Mukatero mufunsenso kuti wophunzira akatenga pathupi pano chimachitika n'chiyani, ndipo muwapemphe akuonetseni pomwe zinalembedwa. Funsani ngakhale mulibe mwana, ngakhale simukufuna kudzakhala naye. Wofunsa akakhala yekhayo wobereka mwana kumbuyo amamuyang'ana ngati wopemphetsa. Mukafunsa anthu khumi sabata imodzi, mlembi uja adzakanena ku ofesi ya mkulu wa sukulu kuti atsikana a chaka chino akubwera ndi funso lachilendo, ndipo adzafunika kupeza choyankha.